Undibwereke Memory

Komboni ya kwa Mai Chikore,
Msewu wa ku Wedza,
Marondera.
13 Okutobala 2024

Wokondedwa mng'ono wanga Emilia,

Ndiyambe ndi moni monga anatiphunzitsira malemu amayi, ngakhale nkhani ikundiyabwa pakamwa. Uli bwanji ku Joniko? Nanga mwana wathu Memory akudya bwino? Chifuwa chija chinamusiya? Kuno tonse tadzuka. Abambo mawondo ndiwo akuwavuta, koma akangomva kuti kwinakwake kuli gule ndipo akufuna woimba ng'oma, mawondowo amachira okha. Dzuwa lakwiya chaka chino, fodya tikuwokera ndi madzi a m'zigubu.

Usadabwe kuti ndakulembera kalata ngati munthu wakalekale pomwe foni ilipo. Pafoni umandidula mawu, ndipo ine ndikayamba kulira nkhani imathera panjira. Ndang'amba mapepala pakati pa kope, ndipo ndipatsira Margret uja amabwera kudzaoda katundu kumeneko. Ukhale pansi, uwerenge mpaka kumapeto, ukatero undinyoze bwino.

Nkhani yoyamba ndi iyi: ndabwerera kwa Fredson. Eya, Fredson yemweyo, msuweni wathu, mwana wa amalume a Januario, amene ndinalumbira pamaso pako kuti sindidzamwanso madzi m'nyumba mwake. Uno ndi mwezi wachitatu. Ndikulemba ndili pakhonde pake, ndikumwetulira ndekha ngati kamtsikana kongofunsiridwa kumene. Emilia, mwamunayu sanalakwe. Sanaphe mwana wanga.

Iwe unangofika pamaliro a Blessing, kudwala kwake sunakuone, ndiye ndikufotokozere. Fredson anapita ku Harare kukaperekeza mabelo a fodya ku okushoni, ndipo anakhalako sabata yathunthu. Mbiri ya kumeneko ukuidziwa, ya akazi amene amazungulira alimi fodya akangogulidwa. Atabwera anamunyamula mwana n'kumamuseweretsa monga mwa masiku onse. Patapita masiku atatu timanja ta Blessing tinatupa, timapazi tinatupa, maso anachita chikasu, ndipo ukamukhudza paliponse ankalira ngati wamuotcha.

A Amelia, anamkungwi athu aja, anangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti ili ndi tsempho, bambo wake wayenda ndi mkazi wina n'kudzagwira mwana thupi lili lotentha. Komboni yonse inavomereza. Anamukhazika pansi Fredson, amalume ali pomwepo, iye anangoti sanachite, kamodzi kokha, basi n'kukhala chete. Ine kukhala chete kumeneko ndinakuyesa manyazi a munthu wogwidwa. Tinathamanga ndi zitsamba, tinapita kukiliniki n'kulandira mankhwala a malungo, mwana ankatupa n'kuphwa, kutupa n'kuphwa, mpaka anatisiya asanakwanitse zaka ziwiri.

Maliro atatha ndinabwerera kwa abambo, ndipo zaka zitatu ndakhala ndikumudutsa Fredson pamjigo osamupatsa moni. Iye ankandipatsa tsiku lililonse.

Tsopano imva zimene anachita Mulungu, ndipo useke, chifukwa ine ndinaseka misozi ili m'maso. Mu Juni, kuzizira kutafika poipa, Precious, khanda la Tracy mlongo wake wa Fredson, anatupa timanja ndi timapazi chimodzimodzi. A Amelia anabwera chigamulo chili kale m'thumba. Koma mwamuna wa Tracy anali atathyoka mwendo pangolo ya thirakitala, ali gone m'nyumba mwezi wachiwiri ndi chikhakha chofika m'chiuno, kuchimbudzi akupita chonyamulidwa. Tracy anawafunsa anamkungwi pagulu ngati chigololocho mwamuna wake anakachita chokwawa. A Amelia anati mwina mayi wa mwana ndiye anathira mchere m'ndiwo pa nthawi yosayenera, koma aliyense anaona kuti agwira njakata.

Mai Chikore, amene anapatsidwa mbali ino ya pulazi, suwadziwa bwino. Anagwira unamwino zaka zambiri ku Mangalande asanabwere kudzalima. Anamuona Precious kumsana kwa Tracy mushedi yosankhira fodya, anamugwira timanja, anamutsegula chikope, n'kufunsa m'Chishona chawo kuti muri vekuMalawi mese here, iwe nemurume wako, kutanthauza ngati onse awiri ndi mwamuna wake ali a mtundu wathu. Tracy atavomera, mayiwo anasiya fodya pathebulo n'kuwakweza galimoto mpaka kuchipatala chachikulu ku Harare.

Matendawa ali ndi dzina, Emilia. Akuti sikoselo. Si tsempho, si ufiti, si mchere. Akuti magazi a mwana amapindika ngati chikwakwa n'kumatsekeka m'timitsempha, ndiye kutupa ndi ululu uja. Mwana amabadwa nawo, ndipo amatengera kwa bambo ndi mayi onse awiri, pomwe makolowo amayenda bwinobwino osadziwa kuti asenza kambewu m'thupi. Mai Chikore akuti mwa Mashona matendawa ndi osowa, n'chifukwa chake kukiliniki sawaganizira msanga, koma mwa ife ochokera ku Malawi alipo ndithu. Ndiye taganiza. Ife a m'makomboni, amene anthu ankatinyoza kuti tilibe kumudzi ndipo sankafuna kutikwatira, takhala tikukwatirana tokhatokha, msuweni ndi msuweni, kuyambira nthawi ya agogo athu. Tinkati tikusunga mtundu, osadziwa kuti tikusungira pamodzi ndi kambewuka.

Mayiwa atamva za Blessing anandiitana ine, anaitananso Fredson. Tinakwera galimoto imodzi, ine kutsogolo, iye kumbuyo pamatumba a feteleza, osalankhulana mpaka ku Harare. Anatitenga magazi. Patapita sabata ziwiri mapepala anabwera. Ine kambewuko ndili nako, iyenso ali nako.

Pepala lija ndinaliwerenga katatu, ndipo manyazi amene anandigwira sindingathe kuwalemba. Safunsa anadya phula, ndipo ine phulalo ndinalidya zaka zitatu zathunthu.

Nditawauza abambo anafunsa ngati alongo athu awiri aja, amene anamwalira ali makanda ife tisanabadwe, anatupa manja chifukwa cha zomwezi. Ndinati n'kutheka. Anati amayi anapita kumanda akuwakayikirabe. Tsiku limenelo sanadye.

Ine ndinagwira tambala wa abambo wofiira uja kukapepesa. Fredson ndinamupeza kuseri kwa mabani owotchera fodya akukonza mapaipi. Ndinagwada, ndinayamba mawu amene ndinawakonza sabata yonse, tambala n'kupulumuka. Tinamuthamangitsa awiri kuzungulira mabani atatu, ine chitenje chili m'manja, anthu a mushedi atatuluka onse akutiombera m'manja. Atamugwira, ali wefuwefu, Fredson anandifunsa ngati ndiwo imeneyi ndikaphikira kwa abambo kapena kwathu. Kupepesa kwanga kunathera pomwepo. Mpaka lero munthuyu sanandikumbutsepo ngakhale kamodzi zimene ndinamuchita.

Ndikanakonda nkhani ikanathera pa tambalapo. Koma Mai Chikore anatiitananso, ati kubwererana n'kwabwino koma timve kaye zonse. Anaika nyemba zinayi m'chipewa cha Fredson, zitatu zoyera, imodzi yakuda. Ati kwa anthu ngati ife mimba iliyonse ndi kupisa dzanja m'chipewamo osayang'ana, ndipo yakudayo ndi mwana wodwala. Ati ukatola umaibwezera momwemo, chipewa sichikumbuka kuti unalira kale. Fredson anapisa, yoyera. Tinaseka. Anapisanso, yoyera. Ine ndinati nanenso ndiyese, n'kutola yakuda. Palibe anasekanso.

Kuyambira pamenepo komboni yasanduka bwalo la milandu, ndipo mlandu wake ndi mimba imene ndilibe n'komwe. Amalume a Januario akuti mlimi saleka kubzala poopa matalala, nyemba zitatu zoyera n'zambiri. Ndinawayankha, mwaulemu ndithu, nditagwada, kuti matalala akagwa wolira ndi mlimi, fodya samva kuwawa, pomwe apa wolandira matalalawo ndi mwana amene sanapemphe kubadwa. Anati pakamwa panga ndi pa mlongo wawo penipeni. Abusa nawo akuti ana ndi mphatso, tisamuwerengere Mulungu nyemba. Ndinawauza kuti Mulungu yemweyo ndiye anatitumizira Mai Chikore.

Nkhani ya Tracy ndi ina. Precious tsopano akumwa mankhwala tsiku lililonse, amamufunditsa kukazizira, amamumwetsa madzi pafupipafupi, ndipo kamwanako kanenepa, kayamba kuimirira, kamaseka ndi aliyense. Tracy anandiyang'ana m'maso n'kundifunsa ngati ndikutanthauza kuti mwana wake sanayenere kubadwa. Ndinamunyamula Precious, kanandigwira mphuno, ndipo ndinadziwa kuti mawu amenewo sindinganene ngakhale atandiika mpeni pakhosi.

Tracy akuti iye adzaberekanso, ndipo ine sindimuweruza. Iye wamuona mwana wake akupeza bwino. Ine wanga ndinamuona akulira mpaka mawu kutha, maso ali pa ine kuti ndimuthandize. Nthawi imeneyo sindinkadziwa. Lero ndikudziwa, ndipo dzanja langa likukana kulowanso m'chipewa chija.

Apa ndiye pali choulula changa. A Amelia, atachita manyazi ndi tsempho lawo lija, anafuna kukonza zinthu. Anandiitanira kudimba n'kundinong'oneza kuti makolo anasiya njira. Ati banja likavutika ndi nkhani ya ana amalowetsa fisi, mwamuna wina wobwera mwachinsinsi kudzapereka mimba, mwana n'kukhala wa mwini nyumba. Ati poti Mashona magaziwa alibe, iwo munthu amuona kale, mlonda wa padamu, wamtali uja wa ku Wedza, wathanzi, wosalankhulalankhula. Anali atamuyeza kale ndi maso ngati ng'ombe ya pamsika.

Ndinaseka mpaka kukhala pansi pabedi la repu. Koma ndisakunamize, Emilia, nditafika kunyumba kuseka kunatha. Sabata yathunthu ndinaiganizira nkhaniyi. Mwana ndinkamufuna, ndikumufunabe. Mlonda uja ndinayamba kumuyang'ana akamadutsa, ndikuyerekeza mphuno yake pankhope ya mwana. Izi ndauza iwe wekha, ndipo ukadzauza munthu ndidzakukanira.

Amene anandibweza ndi Fredson. A Amelia anali atamufikira kale iyenso. Tsiku lina masana tikudya, anasiya kudya n'kunena, maso ali pansi, kuti ngati ndikufuna, iye adzapita kukakhala kwa mnzake ku Marondera masiku amene ndinganene, ndipo mwanayo adzamulembetsa dzina lake. Taganiza, munthu amene ndinamusiya zaka zitatu pomunamizira chigololo, anali kundipatsa ine chilolezo choti ndikachite chomwecho. Ndinamuuza kuti adye, asiye zopusa. M'mawa mwake ndinakwera kombi kupita kukiliniki, anandiika njira yolera ya pamkono, ya zaka zisanu ija. Fredson akudziwa. Amalume sakudziwa, n'chifukwa chake ndikuvala malaya a manja aatali kukutentha chonchi.

Ndinali nditavomera kuti tidzakalamba awiriwiri m'nyumba muno. Kenako unabwera uthenga wako wamawu uja wa sabata yatha. Unkadandaula kuti mayi amene ankakusungira Memory wasamuka, ndipo masiku ena umamutsekera m'chipinda ndi buledi ndi foni kuyambira m'mawa mpaka utaweruka kusaluni. Unati ukamaluka tsitsi la munthu mtima umakhala uli kwa mwana. Uthengawo ndinaumvera ndili pamzere wowokera fodya, ndipo ndinaima chiimire mbande ili m'manja mpaka a folomani anandikalipira. Iwe uli ndi mwana wopanda womuyang'anira, ine ndili ndi msana wopanda wobereka.

Emilia, undibwereke Memory.

Sindinati undipatse, ndati undibwereke. Mayi wake ndiwe, ndipo adzakula akudziwa zimenezo. Ine ndine mayi wake wamkulu kale, sindikulanda udindo wa munthu. Sindikufunanso kuti adzalowe m'malo mwa Blessing, malo amenewo ndi a Blessing yekha. Ndipo izi si zachilendo kwathu. Iwe wemwe unakulira kwa azakhali ku Concession zaka zinayi, koma sunaiwale amayi ngakhale tsiku limodzi.

Zimene uyankhe ndikuzidziwa, ndiye ndiyankhiretu. Uti kuno n'kukomboni, magetsi ndi a mwa apo ndi apo, madzi ndi a pamjigo. Zoona. Koma kuno chitseko chimakhala chotsegula, ana amasewera panja mpaka kutuwa ndi fumbi, ndipo palibe nyumba imene ingamumane chakudya. Uti nanga sukulu. Ndapita kale, usandiseke. Aphunzitsi aakulu akuti malo m'kalasi ya ana ang'onoang'ono alipo mu Januwale, iwe ungobwera ndi pepala lake lobadwira la ku Joniko, zotsalazo tidzathamanga nazo ife. Njira ndayenda ndekha kawiri kuiyesa, siidutsa kudamu, ndipo si yaitali kwa timiyendo ta zaka zisanu. Uti Chichewa sadziwa, amangolankhula Chizulu. Abambo akuti uwapatse miyezi iwiri yokha, adzakhala akukalipira nkhuku m'Chichewa ndi m'Chishona momwe.

Ndapupuluma, ndikuvomera. Ndamusokera kale madiresi awiri, mongoyerekeza msinkhu pachithunzi chija munajambulitsa kutchalitchi. Akachepa adzavala Precious akakula. Ndadzalanso mbatata mzere wina wapadera poti unanena kuti amaikonda. Masiku ano tulo ndikugona ta bwino, ntchito ikupepuka, ndipo akazi anzanga akundifunsa kuti ndadya chiyani poti ndikuimba pamzere.

Ukabwera pa Khirisimasi, Mai Chikore akuti adzakutengani nonse awiri mukayezetse magazi. Iwe ndi ine tinatuluka m'mimba imodzi, mwina nawenso unasenza kambewuka, mwinanso Memory. Usaope, kusenza si kudwala. Koma tsiku lina adzakula, adzakonda munthu, ndipo ndikufuna adzasankhe yekha akudziwa, osati kudzamvera pamanda ngati mayi wake wamkulu.

Ndikudziwa kuti ndikupempha chinthu chachikulu. Mwana ameneyu unamubereka wekha m'dziko la eni bambo wake atathawa, ndipo ndi iye amene amakuthamangira ukamatsegula chitseko. Ndikamutenga, chipinda chako chidzangoti zii. Nyumba ya zii ndimaidziwa kuposa munthu aliyense, ndiye sindingakunamize kuti n'zopepuka. Ukakana sindidzakuda. Za pamkonozi sindidzachotsa kaya uvomere kaya ukane, chifukwa ndinasankha ndekha ndipo sindikufuna uzisenze iwe. Chokhacho, usayankhe msanga, ndipo usayankhe pafoni. Ulembe, umupatsire Margret pobwerera.

Abambo akupereka moni, akuti usaiwale mafuta opaka m'mawondo aja. Tracy akupereka moni, ndi mwamuna wake yemwe, amene tsopano akuyenda ndi ndodo ndipo akunyada kuti mwendo wake unapulumutsa amuna onse a pakomboni. Undiperekere moni kwa anzako a kusaluni ndi a kwathu onse amene umakumana nawo kumapemphero. Memory umufungatire m'malo mwanga, koma usamuuze kanthu kaye. Mulungu akusunge m'misewu ya ku Joniko, akudalitse manja ako, akupatsenso mtima wondimvetsa.

Fredson wakhala pambali panga nthawi yonseyi akunamizira kukonza wailesi. Ndamufunsa ngati ali ndi mawu oti ndikulembere, ndikuyembekeza chipongwe chachisuweni chija amakunyoza nacho. Sananyoze. Wandilanda cholembera, ndipo ukudziwa kuti anasiyira giredi 2 pamene sukulu ya papulazi inatsekedwa. Zamutengera nthawi yaitali, thukuta lili pamphumi. Zili pansi pa dzina langazo ndi zake, sindinakonze chilichonse.

Ndine mkulu wako wokukonda,
Luiza

Emilia ndine Fredson. Ndinali bambo wabwino. Chonde undiyese.